Makina Osafunsa Kuti Ndinu Yani

Munthu akatsegula mpopi m'mawa madzi natuluka, kapena akakhudza swichi nyali niyaka, saganizako za ulendo umene madziwo kapena magetsiwo ayenda kuti amufike. Panjira ya ulendo umenewu pali mapampu oyenera kulizidwa, zotsekera za m'mapaipi zoyenera kutsegulidwa, ndi maswichi akuluakulu oyenera kulumikizidwa pa nthawi yake. Kale ntchito yonseyi inali m'manja mwa anthu. Masiku ano yambiri imagwiridwa ndi mabokosi ang'onoang'ono opachikidwa m'makabati a m'mafakitale, amene akatswiri amawatcha PLC. Mabokosi amenewa ndi makompyuta olamulira makina. Ndiwo amene amayendetsa malamba a m'fakitale ya shuga, ng'anjo zosungunulira chitsulo, mapaipi a mafuta ndi makina opangira galimoto.

Nkhani ya lero ikulondola mbiri ya mabokosi amenewa kuyambira chaka cha 1968. Ndi mbiri ya luso lalikulu, komanso ndi mbiri ya funso limodzi limene lidasiyidwa pachiyambi, ndipo kusiyidwa kwake kwabala milandu, kuzima kwa magetsi ndi mikangano ya maiko. Funsolo ndi ili: makina akalandira lamulo, amadziwa bwanji kuti wolamulayo ndi woyenera kulamula?

Chisanafike chaka chimenecho, fakitale yodziyendetsa yokha inkadalira maswichi amagetsi otchedwa relay. Swichi imodzi ikatseka inkadzutsa inzake, inzakeyo nidzutsa ina, mpaka lamba atayenda kapena chitsulo chitadulidwa. Maswichi otere ankakhalapo mazanamazana, mwina zikwizikwi, atandandalikidwa m'makabati aatali ngati khoma la nyumba. Nzeru zonse za fakitale zinali m'mawaya olumikiza maswichiwo. Wofuna kuti makina agwire ntchito mwa njira ina ankayenera kumasula mawayawo ndi kuwalumikizanso, waya ndi waya. Chitetezo cha fakitale yotere chinali chinthu chooneka ndi maso: mpanda kunja, mlonda pachipata ndi loko pa kabati. Munthu wa mtima woipa ankayenera kubwera yekha ndi thupi lake, kudutsa mlonda, kupeza kiyi, ndi kutha maola ambiri akugwiragwira mawaya anthu akumuona. Kuuma kwa makinawo, kumene kunali mtolo kwa eni ake, kunalinso linga lawo.

Amene adatopa nawo mtolowu poyamba anali opanga galimoto a ku America. Chaka ndi chaka ankatulutsa mtundu watsopano wa galimoto, ndipo nthawi iliyonse ntchito inkaima pamene amisiri amagetsi ankalumikizanso mawaya. M'chaka cha 1968, nthambi ya kampani ya General Motors yopanga magiya, yotchedwa Hydra-Matic, idalengeza kuti ikufuna chipangizo cholowa m'malo mwa makabati a relay: chopirira kutentha, fumbi ndi kunjenjemera kwa m'fakitale, ndiponso chotheka kuchisintha popanda kukhudza mawaya. Mwa makampani amene adayankha padali kampani yaing'ono ya Bedford Associates ya ku Massachusetts, kumene kunali injiniya wotchedwa Dick Morley. Chipangizo chawo adachitcha Modicon 084, popeza inali ntchito ya nambala 84 ya kampaniyo, ndipo zoyamba zidaperekedwa mu 1969. Malangizo ake ankalembedwa mofanana ndi zojambula za mawaya zimene amisiri adazizolowera kale, zooneka ngati makwerero, kotero kuti mmisiri sankasowa kubwerera ku sukulu kuti azimve.

Apa ndi pamene mbiri idakhota. Nzeru za fakitale zidachoka m'mawaya nizilowa m'mau olembedwa. Ntchito imene inkatha milungu tsopano inkatha maola, ndipo makina amodzimodzi ankatha kupanga chinthu china lero, china mawa. Koma chinthu chimene mwini wake angachisinthe msanga, winanso angachisinthe msanga, malinga ngati wapeza polankhulira nacho.

Mu 1979 kampani ya Modicon idatulutsa chilankhulo choti mabokosiwa azimvanirana, chotchedwa Modbus, niilola aliyense kuchigwiritsa ntchito. Chidafala msanga chifukwa chinali chapafupi. Uthenga wa Modbus uli ndi zigawo zinayi: nambala ya makina amene akuuzidwa, kuyambira 1 mpaka 247, nambala ya ntchito yoti ichitike, monga kuwerenga kapena kulemba, zinthu zoti ziwerengedwe kapena zilembedwezo, ndi nambala yotsimikizira kuti uthengawo sudaonongeke panjira. Chimene mulibe ndi dzina la wotumiza. Mulibenso mau achinsinsi. Pamudzi, mlendo akafika pakhomo usiku nati odi, mwini nyumba amayamba wafunsa kuti ndinu yani asanachotse mpiringidzo. Makina a Modbus samafunsa. Amva nambala yawo itatchulidwa, achita zimene auzidwa.

Nkosayenera kuweruza amisiri a 1979 ngati anthu osasamala. Waya wa Modbus unkayambira m'chipinda chimodzi nuthera m'chipinda china cha fakitale yomweyo, ndipo aliyense wofika pa wayayo anali atadutsa kale mlonda. Funso lija linkafunsidwa pachipata, choncho sadaone chifukwa cholifunsanso m'kati. Komanso makompyuta a masiku amenewo anali ofooka, osatha kusenza ntchito yowonjezera. Vuto lidabwera pambuyo pake, pamene mawaya adayamba kutuluka kunja kwa mpanda, chilankhulo nichikhala chomwecho.

Zimenezi zidachitika pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1990. Akuluakulu a makampani ankafuna kuona pa makompyuta a m'maofesi mwawo kuchuluka kwa katundu amene wapangidwa tsiku limenelo. Ogulitsa makina ankafuna kuwakonza ali kwawo, osakwera ndege. Mabungwe a madzi ndi magetsi ankafuna kuti munthu mmodzi aziyang'anira masiteshoni ambiri ali pampando umodzi. Zipinda zolamulira makina zidadzaza ndi makompyuta wamba a Windows, ndipo mu 1999 Modbus idakonzedwa kuti izitha kuyenda m'njira zomwezo zimene intaneti imayendamo. Chilichonse mwa zimenezi chidachepetsa ndalama ndi nthawi. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Matope oyamba odziwika bwino adaoneka ku Australia, m'boma laling'ono la Maroochy m'chigawo cha Queensland. Khonsolo ya kumeneko inali ndi masiteshoni 142 opopa madzi oipa a m'zimbudzi, ndipo onse ankalandira malamulo kudzera pa wailesi. Kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Epulo chaka cha 2000, mapampu adayamba kuchita zodabwitsa. Ena ankaima popanda chifukwa, mabelu ochenjeza sankalira, ndipo mauthenga ankasokera. Malita pafupifupi 800,000 a zonyansa adasefukira m'mapaki, m'mitsinje ndi pabwalo la hotela ina. Madzi a mumtsinje adada, zamoyo za m'menemo zidafa, ndipo anthu okhala pafupi adavutika ndi fungo. Poyamba amisiri ankayesa kuti makina ndiwo aonongeka, mpaka adazindikira kuti zimene akonza pali wina amene akuzisinthanso.

Pa 23 Epulo apolisi adaimitsa galimoto ina napezamo kompyuta, wailesi ndi chipangizo cholamulira mapampu. Woyendetsa wake anali munthu amene kale adagwira ntchito ku kampani imene idaika makinawo. Atasiya ntchitoyo adafunsira ina ku khonsolo, koma sadamulembe. Chipangizo chakecho adachipatsa nambala ya siteshoni imodzi, ndipo masiteshoni enawo ankachimvera ngati mnzawo. Adachita zimenezi maulendo osachepera 46, ndipo mu Okotobala 2001 khoti lidamulamula kukhala m'ndende zaka ziwiri. Munthuyu sadathyole loko aliyense. Adangochoka ndi chilankhulo cha makina m'mutu mwake ndi zipangizo m'galimoto mwake, ndipo panalibe njira youzira makinawo kuti uyu salinso wa m'nyumba muno.

Ambiri amene adamva za Maroochy adadzitonthoza ndi maganizo akuti makina osalumikizidwa ku wailesi kapena ku intaneti ndi otetezeka. Maganizo amenewa adagwa m'chaka cha 2010. Mu Juni chaka chimenecho, kampani yaing'ono ya ku Belarus yotchedwa VirusBlokAda idapeza pulogalamu yachilendo m'makompyuta a kasitomala wake wa ku Iran. Pulogalamuyo, imene pambuyo pake idatchedwa Stuxnet, inkafala ngati kachilombo, makamaka kudzera m'mafulashi, timitengo tija tosungira zinthu za m'kompyuta. Akatswiri a kampani ya Symantec adapeza kuti mwa makompyuta khumi aliwonse ogwidwa, pafupifupi asanu ndi limodzi anali ku Iran. Chodabwitsa chinali chakuti m'makompyuta ambiri kachilomboka sikankaba kanthu kapena kuononga kanthu. Kankangofufuza, ndipo kakapanda kupeza chimene kakufuna kankangokhala chete.

Katswiri wa ku Hamburg m'dziko la Germany, Ralph Langner, anali mmodzi mwa oyamba kufotokoza chimene Stuxnet inkafuna. Inkasaka ma PLC a kampani ya Siemens olumikizidwa mwa dongosolo limodzi lokha, lofanana ndi la ku Natanz, malo a pansi pa nthaka kumene dziko la Iran linkayenga uranium. Kuyenga kumeneku kumafanana pang'ono ndi kupeta. Uranium amasandutsidwa mpweya, mpweyawo nupotedwa mwaliwiro m'migolo yopyapyala yotchedwa centrifuge, kuti mbali yolemerera ilekane ndi yopepukirapo. Migolo ya ku Natanz inkayenera kuzungulira maulendo 1,064 pa sekondi imodzi. Stuxnet inkaithamangitsa mpaka 1,410 kwa mphindi 15, niibweza pa liwiro lake. Patapita masiku 27 inkaichedwetsa mpaka maulendo awiri okha, niibwezanso. Chitsulo chozunzidwa chotero chimatopa, kenaka chimasweka. Mtundu wina wa Stuxnet, umene unkasokoneza zotsekera za m'mapaipi, unkayamba wajambula zimene makina akuonetsa pa masekondi 21 a ntchito yabwino, nkumazibwerezabwereza pamaso pa oyang'anira, kuti aziona ngati zonse zili bwino.

Funso loyenera nkhani ino ndi lakuti Stuxnet idalowa bwanji m'malo olondedwa ndi asilikali, osalumikizidwa ku intaneti. Akatswiri adapeza kuti idayamba yagwira makampani asanu a ku Iran komweko, ndipo ambiri amakhulupirira kuti idanyamulidwa kupita m'kati ndi anthu ololedwa kulowa, iwo osadziwa. Idadzera m'ming'alu inayi ya Windows imene eni ake anali asanaitseke. Idanyamula zidindo zobedwa ku makampani awiri a ku Taiwan, Realtek ndi JMicron, kotero kuti makompyuta ankailandira ngati katundu wodalirika. Idagwiritsanso ntchito mau achinsinsi amene adalembedweratu m'kati mwa pulogalamu ya Siemens yotchedwa WinCC. Mauwo anali amodzimodzi kwa ogula onse, ndipo anali atafalitsidwa kale pa intaneti mu 2008. Nkhani itaphulika, kampaniyo idachenjeza kuti kuwasintha kungasokoneze makina. Bungwe la Institute for Science and International Security lidawerengera kuti migolo pafupifupi 1,000 idachotsedwa ku Natanz kumapeto kwa 2009 ndi kumayambiriro kwa 2010. Mu Juni 2012 nyuzipepala ya New York Times idalemba kuti maiko a America ndi Israel ndiwo adakonza Stuxnet, ngakhale kuti maboma awiriwo sadavomereze poyera.

Chida chikaponyedwa pa intaneti sichitheratu ngati chipolopolo. Chimatoledwa, chimasulidwa, ndipo ena amaphunzirapo. M'zaka zotsatira zidaoneka kuti si maiko okangana pa za mabomba okha amene angagwe m'tsokali. Mu Disembala 2014, nthambi ya boma la Germany yoona za chitetezo cha makompyuta idalengeza kuti fakitale ina ya chitsulo idalowedwa kudzera m'makalata onyenga a imelo. Adaniwo adayambira m'makompyuta a mu ofesi nafika mpaka ku makina, kotero kuti ng'anjo yaikulu idalephera kuzimitsidwa mwa dongosolo lake, ndipo idaonongeka kwambiri.

Patangopita chaka chimodzi, pa 23 Disembala 2015, m'kati mwa nyengo yozizira, ogwira ntchito m'makampani atatu ogawa magetsi ku Ukraine adaona chinthu chimene sadachionepo. Kamuvi ka pa kompyuta kadayamba kuyenda kokha, nikatsegula maswichi a masiteshoni, imodzi pambuyo pa inzake. Makasitomala pafupifupi 225,000 adakhala mumdima, ena ola limodzi, ena mpaka maola asanu ndi limodzi. Adaniwo anali atalowa miyezi yambiri m'mbuyomo, nawonso kudzera m'makalata onyenga, ndipo adakhala chete akusonkhanitsa maina ndi mau achinsinsi a antchito enieni. Tsiku la chiwembu adalowa pa khomo lokonzedwera antchito ogwira ali kutali, limene silinkafuna umboni wina kupatula mau achinsinsiwo. Kwa makina, amene ankalamula anali antchito odziwika. Potuluka adaononga zipangizo zolumikizira masiteshoni, adafafaniza za m'makompyuta, ndiponso adadzaza mafoni a kampani kuti odandaula asamveke. Magetsi adabwerera chifukwa amisiri adakwera galimoto napita ku siteshoni iliyonse kukatseka maswichi ndi manja. Mu Okotobala 2020 boma la America lidatsegulira mlandu asilikali asanu ndi mmodzi a nthambi ya ukazitape ya Russia pa chiwembu chimenechi ndi zina.

Choopsa koposa chidachitika mu 2017 pa fakitale ina ya mankhwala ochokera ku mafuta m'dziko la Saudi Arabia. Fakitale yotere imakhala ndi makina apadera amene ntchito yawo ndi imodzi yokha: kuzimitsa zonse pamene kutentha kapena mphamvu ya mpweya yapitirira malire. Ndiwo mlonda womaliza woteteza miyoyo ya antchito ndi ya anthu okhala pafupi. Makina a pa fakitaleyo anali a mtundu wa Triconex, ndipo opanga ake adawaikira kiyi weniweni wachitsulo. Kiyiyo akatembenuzidwira pa malo ogwirira ntchito, malangizo a makina sangasinthidwe ndi munthu wakutali. Akatembenuzidwira pa malo olembera, angasinthidwe. Pa fakitale imeneyi kiyi adasiyidwa pa malo olembera. Adani adafika mpaka pamenepo nayamba kuikamo pulogalamu yawo, imene idatchedwa Triton. Chidapulumutsa anthu ndi chakuti pulogalamuyo inali ndi cholakwa. Makina adaona chinthu chosalongosoka nazimitsa fakitale, koyamba mu Juni, kachiwiri mu Ogasiti. Kuzima koyamba kudayesedwa vuto wamba, ndipo chiwembu chidadziwika pofufuza kwachiwiriko.

Omvera angaganize kuti nkhani zoterezi zimafuna akatswiri a boma ndi chuma chambiri. Zochitika ziwiri za ku America zikusonyeza kuti nthawi zambiri sizitero. Pa 7 Meyi 2021 kampani ya Colonial Pipeline idatseka paipi yake ya mailosi 5,500, imene inkapereka pafupifupi theka la mafuta a galimoto ndi ndege a kugombe la kum'mawa kwa dzikolo. Mbava zinali zitamanga makompyuta a mu ofesi nkumafuna dipo. Sizidakhudze makina oyendetsa mafuta, koma kampaniyo idatseka paipi poopa kuti vutolo lingafalikire kumeneko. Mafuta adayambanso kuyenda pa 12 Meyi, anthu atafola kale mizere italiitali m'malo omwetsera galimoto, ndipo kampani idalipira madola pafupifupi 4.4 miliyoni. Mkulu wake, Joseph Blount, adauza aphungu a dzikolo kuti mbavazo zidalowa pa khomo lakale la antchito akutali, limene linkatseguka ndi mau achinsinsi okha. Khomolo silinkagwiranso ntchito, koma panalibe amene adalitseka.

Mu Novembala 2023, m'tauni yaing'ono ya Aliquippa ku Pennsylvania, PLC ina ya pa siteshoni yopopa madzi akumwa idalandidwa ndi gulu limene boma la America lidati nlogwirizana ndi asilikali a Iran. Dziko lomwe lija lidalasidwa ndi Stuxnet tsopano ndilo linkalozedwa chala. Makinawo anali a kampani ya Unitronics ya ku Israel, ndipo boma lidachenjeza kuti ambiri a mtundu umenewu anali pa intaneti ali ndi nambala yachinsinsi imene adachoka nayo kofulidwa, ndiyo 1111. Antchito adazimitsa bokosilo nayendetsa mapampu ndi manja, ndipo madzi sadaleke kutuluka.

Nanga nchifukwa chiyani vuto lodziwika chotere silidathe? Chifukwa choyamba ndi msinkhu wa makina. Kompyuta ya mu ofesi imasinthidwa pakapita zaka zochepa, koma PLC imatha kugwira ntchito zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo mwini fakitale safuna kutaya chinthu chimene chikugwira bwino. Chachiwiri nchakuti fakitale siima wamba. Kuzimitsa ng'anjo kapena paipi kuti aikemo pulogalamu yatsopano kumadya ndalama zambiri, ndipo pulogalamu yatsopanoyo ingabwere ndi zovuta zake. Chachitatu ndicho cholemera kwambiri. Mu ofesi, munthu akalakwitsa mau achinsinsi katatu kompyuta nimukaniza, palibe amene amafa. M'chipinda cholamulira makina, pamene thanki ikusefukira ndipo manja a woyang'anira akunjenjemera, loko yemweyo angaphe anthu. Nchifukwa chake m'mafakitale ambiri mudakhazikika chizolowezi chakuti gulu lonse lizigwiritsa ntchito dzina limodzi ndi mau amodzi. Chitseko cha fakitale chiyenera kukhala cholimba kwa mlendo, komanso chosachedwetsa mwini wake pa ngozi, ndipo kukwaniritsa ziwirizi pamodzi ndi ntchito yovuta.

Komabe nzeru zothandiza zilipo, ndipo zina ndi zakale kuposa Modbus imene. Mu 1975 akatswiri awiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder, adalemba mfundo zotetezera makompyuta. Imodzi mwa izo imati munthu aliyense ndi pulogalamu iliyonse ipatsidwe mphamvu yokwanira ntchito yake yokha. Woyang'anira mapampu aloledwe kuwaliza ndi kuwazimitsa, koma asaloledwe kusintha malangizo awo. Mmisiri wochokera kunja atsegulidwe khomo la makina amodzi okha, pa maola odziwika, wina akumuona. Mu 2002 bungwe la akatswiri a makina la ISA lidakhazikitsa komiti yotengera mfundo zotere m'mafakitale, ndipo ntchito yake idabala malamulo a maiko onse otchedwa IEC 62443. Malamulowa amati fakitale igawidwe m'zigawo, ngati mudzi umene khola, nkhokwe ndi nyumba zili ndi mipanda yakeyake, ndipo podutsa kuchoka m'chigawo china kupita m'chinzake pakhale pochepa ndi polondedwa. Potero wolowa mu ofesi sapezeka kuti wafika kale pa ng'anjo. Mu 2018, patapita zaka 39, Modbus nayo idalandira mtundu watsopano umene umabisa uthenga ndi kufunsa chizindikiro cha wotumiza, ngakhale kuti makina akale ochuluka sangathe kuulankhula.

Pamwamba pa zimenezi pali miyambo ing'onoing'ono imene ngozi iliyonse idaphunzitsa. Wolowa ali kutali asonyeze maumboni awiri, mau amene akuwadziwa ndi chipangizo chimene wanyamula. Munthu akasiya ntchito, dzina lake lifafanizidwe tsiku lomwelo, ndipo zipangizo zibwezedwe. Nambala yochoka nayo kofulidwa isinthidwe makina asanayambe ntchito. Kiyi abwezedwe pa malo ake mmisiri akamaliza kukonza. Lamulo lililonse lopita ku makina lilembedwe pamodzi ndi dzina la wolipereka, ndipo pakhale munthu wowerenga zolembedwazo. Palibe chodula kwambiri pa mndandanda umenewu. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wopatsidwa udindo wouyang'anira.

Kufunika kwa zonsezi kukukulirakulira, chifukwa chilakolako cha 1968 sichidathe. Pa chionetsero cha zamalonda cha ku Hannover mu 2011, akatswiri a ku Germany adalengeza maganizo a fakitale imene makina ake amasinthidwa malo ndi ntchito malinga ndi zofuna za ogula, ndipo amauzana okha zochita. M'fakitale yotere olamula si anthu okha. Loboti imalamula lamba, lamba auza ngolo yodziyendetsa, ndipo kompyuta ya wogula wa kutsidya kwa nyanja imatumiza miyeso ya katundu. Chipangizo chilichonse chatsopano chikalumikizidwa, funso lija limabwereranso: ichi nchayani, chaloledwa kuchita chiyani, ndipo adzachichotsa ndani ntchito yake ikatha?

Poyang'ana m'mbuyo, mbiri yonseyi ikuoneka kuti ndi mbiri ya makiyi. Ku Maroochy kiyi adapita ndi wantchito wakale. Ku Natanz anali mmodzi kwa ogula onse. Ku Ukraine adabedwa, ku Saudi Arabia adasiyidwa pa loko, ku Colonial Pipeline adaiwalika, ndipo pa makina ambiri onga a ku Aliquippa sadasinthidwe chichokere kofulidwa. M'malo awiri mwa amenewa, ku Ukraine ndi ku Aliquippa, chimene chidabweza magetsi ndi kusunga madzi anali anthu odziwa kuyendetsa makina ndi manja. Luso limeneli likutha pang'onopang'ono pamene amisiri akale akupuma pa ntchito, ndipo fakitale imene yalitaya idzasowa pothawira tsiku limene bokosi lidzamvera mlendo.

Makina onga amenewa ali m'dziko lililonse limene limapopa madzi, kugawa magetsi kapena kugaya nzimbe, ndipo ambiri adagulidwa kwa opanga omwewo amene atchulidwa muno. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dick Morley adamwalira mu 2017, chaka chomwe chija cha Triton, ataona bokosi lake litafika pafupifupi m'fakitale iliyonse ya pa dziko lapansi. Bokosilo lidachita zonse zimene General Motors idapempha: lidapirira kutentha ndi fumbi, ndipo lidamvera msanga. Kufunsa kuti ndinu yani sikudali pa mndandanda wa zopemphedwazo, ndipo kufikira makina akale onse atasinthidwa, ntchito yofunsa funsolo ikhalabe ya anthu owayang'anira.